Batani Lofiira la Wailesi ya m'Dengu

Ana amene ndakhala ndikuwaphunzitsa kuyendetsa mawailesi a m'madera mwawo amandinena kuti ndine nkhalamba yovuta. Sakunama. Tsiku loyamba la maphunziro ndimakhala pakona, manja nditawakhalira, ndipo ngakhale wina asokoneze mawaya mpaka chipinda chonse chilire, sindigwira kanthu. Amaganiza kuti ndi ulesi wa ukalamba. Si ulesi. Khalidweli ndinalitola chaka cha njala, nthawi ya chipani chimodzi, pamene dziko lonse linali ndi wailesi imodzi yokha, ndipo munthu asananene kuti ali ndi njala ankayamba wacheuka. Anandiphunzitsa ndi mlonda wina dzina lake a Jailosi, ndipo mwana wawo anatsala pang'ono kulipira sukulu yangayo ndi moyo wake.

Novembala

Mvula yobzalira inagwa bwino chaka chimenecho, ndipo ndi imene inatipusitsa.

Ndinali ndi ana atatu, nyumba ya boma ku Area 15, mwamuna wa ntchito ya misewu amene ankaoneka kamodzi pamwezi, ndi desiki mu ofesi ina ya zaulimi ku City Centre. Ntchito yanga inali ya magulu omvera wailesi. Gulu linkapatsidwa wailesi, n'kumakumana kumvera pulogalamu ya alimi, kenako mlangizi ankajambula mafunso awo pa kaseti kuti akayankhidwe ndi odziwa. Anzanga aamuna anawatumiza kumidzi ndi njinga zamoto. Ine, poti ndinali mkazi komanso wapakamwa, anandiponyera anthu amene palibe ankawayesa alimi: magadeniboyi a imvi kumutu, alonda, makhukhi ndi amayi olera ana a mabwana.

Chonsecho alimi anali omwewo. Lilongwe wa nthawi imeneyo anali tchire lokhala ndi nyumba apo ndi apo, ndipo tchire la pakati pa ma Area, kutsikira ku mtsinje wa Lingadzi, linali mizere yokhayokha. Malipiro awo ankathera mchere ndi sopo. Chakudya chenicheni chinkachokera m'timinda timeneto.

Magulu anga anali awiri. La ku Area 14 linkakumana Loweruka masana pansi pa mkuyu, la ku Area 12 Lamlungu masana, pulogalamu ikamabwerezedwa, kuseri kwa kanyumba ka a Sikelo, gadeniboyi wamkulu amene bwana wawo sankakhalitsa pakhomo. Pakati pa magulu awiriwa panali ulendo wa ola limodzi wapansi, koma sankadziwana. Mipanda, agalu ndi mantha zinkawalekanitsa, chifukwa kusonkhana popanda chilolezo kunali kudziputira mavuto.

Makina ojambulira mawu anali amodzi, a boma, okhala ndi nambala yopentedwa kumbuyo. Ndinkawanyamula m'dengu, nditavundikira ndi chitenje chifukwa cha fumbi. Anali ndi batani lofiira, lojambulira, ndipo lamulo la ofesi linali loti batanilo agwire ndi mlangizi yekha. Lamulo limeneli ndinkalikonda kuposa mwini wake amene analilemba. Tsiku lina khukhi wina anangotambasula chala, ine n'kumumenya padzanja pamaso pa anthu, bambo wamkulu wa zidzukulu.

"Batani lofiira ndi langa," ndinatero. Onse anaseka, ine ndinamva kukoma.

Disembala

Chimanga chinamera chobiriwira mochititsa kaso. Lamlungu lina titatha kujambula, a Sikelo anandifunsa uku akunola chikwakwa chawo pamwala.

"Amayi, tikufunseni. Mafunso athuwa amapita kuti?"

"Ku ofesi, kwa odziwa."

"Odziwawo ndi osalankhula?"

Makaseti ndinkawapereka Lolemba lililonse kwa bwana wanga, munthu amene tinkamutchula kuti a Tayembekezani chifukwa yankho lawo pa chilichonse linali lomwelo. Ankawaunjika m'kabati. Nthawi zina kunkabwera amuna awiri a majekete, osapereka moni, n'kutolamo makaseti awiri kapena atatu. Sitinkafunsa kuti akupita nawo kuti.

"Nanga bwanji," anapitiriza a Sikelo, "tisanakawatopetse odziwawo, mutatimvetsako zimene anzathu a ku fotini anena dzulo? Mwina chiswe chawo ndi chathu n'chimodzi."

Palibe lamulo limene linkaletsa, chifukwa palibe anali ataganizapo. Ndinabweza kaseti m'mbuyo, ndipo anthu a ku Area 12 anamva kwa nthawi yoyamba mawu a anzawo a ku Area 14. Anaunjikana pa dengu lija mpaka kugundana mitu. Wina kumeneko anali atadandaula za chiswe, a Sikelo n'kuyankha pompo kuti athire phulusa. Loweruka lotsatira ndinapita nalo yankho ku mkuyu, ndipo mwini funso anavina.

Umu ndi mmene inabadwira wailesi ya m'dengu, ndipo dzinalo anaipatsa okha. Pulogalamu ya alimi ankaimvera mwaulemu ngati ulaliki wa mlendo, koma ikangotha maso onse ankalunjika padengu. Ankapatsana moni, kufunsana mbewu, kunena kumene kwapezeka ganyu, ngakhale kuchenjezana za galu wa panyumba yakutiyakuti. Ine ndinkanyada ngati ndine ndinaiyambitsa. Ndinafika powalembera zoti awerenge m'Chichewa cha m'mabuku, koma mayi wina wolera ana ku Area 12, a Nabanda, anandibwezera pepala n'kunena kuti pakamwa ali napo kale.

Munthu mmodzi yekha sankalankhula. A Jailosi anali mlonda wa ku Area 14, wamtali, wa chijasi chakale chimene sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ankabwera atanyamula mwana wawo Esnati pamapewa, wa zaka zitatu, n'kukhala kumbuyo. Mkazi wawo anali atamwalira chaka chapitacho. Akuchikazi a ku Mchinji anabwera kudzatenga mwana monga mwa mwambo, koma iwo anagwada n'kupempha chaka chimodzi chokha. Ndikawalozetsa maikolofoni ankangopukusa mutu.

Januwale

Mvula inadula sabata yoyamba, chimanga chili m'chiuno. Sabata imodzi, ziwiri, zitatu, kumwamba kuli mbee. M'mawa masamba ankaoneka ngati atsitsimuka, koma pofika masana anali atapindana ngati anyezi. Pulogalamu ya alimi inkatiuzabe kuti ino ndi nthawi yothira feteleza wachiwiri. Anthu anga ankamvera ali duu, ikatha n'kuomba m'manja, poti kusaomba kunalinso ndi mafunso ake.

Chimanga chakale chinatha m'nyumba. Kumsika wa boma mzere unkayamba kusanache, ndipo pachipata pankaima achinyamata ofuna kuona khadi la chipani munthu asanalowe. Ukafika kutsogolo, ankakuyezera kochepa koti banja langa sikankatha sabata. Mumsika wa ku Old Town mbale ya ufa inkakwera mtengo pakati pa m'mawa ndi madzulo. Gaga amene tinkadyetsa nkhuku anayamba kugulitsidwa pa mbale, anthu n'kumakanganirana. Mawu oti njala sankatuluka. Tinkati zinthu zavutako pang'ono. Kunamveka kuti bambo wina anawatchula mawuwo mokweza pa siteji ya basi, galimoto n'kumutenga, ndipo palibe anamuonanso. Kaya zinali zoona kaya ayi, tonse tinazikhulupirira.

Mabatire nawo anasowa. Mmwenye wa sitolo imene ndinkagulako anangotambasula manja. Tinkayanika akale padzuwa kuti abwereko mphamvu, koma mawu pakaseti ankatuluka okokeka ngati munthu woledzera. A Tayembekezani anati tiyembekeze. Ine ndinanyamula dengu mpaka ku Old Town, kwa Che Amidu, amene ankakonza mawailesi pakhonde pafupi ndi mzikiti. Anasuzumira m'makinamo, n'kutulutsa batire lakale la njinga yamoto pansi pa tebulo, n'kulumikiza mawaya awiri.

"Ili muzibwera nalo Lachisanu ndisanapite kukaswali, ndizikutchajirani. Koma amayi, mukuvutikiranji ndi dengu? Mutandipezera tizitsulo tiwiri titatu, ndikhoza kukupangirani kanthu koti mawu aziuluka okha mpaka Area 12."

"Che Amidu, mukufuna tonse tikaone ndende?"

"Ndangonena," anaseka. "Tsiku lina zidzaloledwa. Inu ndi ine tidzakhala opanda mano."

Ndisanachoke ndinawafunsa, ngati zongocheza, mmene munthu angachotsere mawu olakwika pakaseti. Anazula maikolofoni, n'kudina batani lofiira pamodzi ndi linzake, kaseti n'kumazungulira yopanda chojambula.

"Basi, kwatha. Kufufuta n'kosavuta, amayi. Kubwezeretsa ndi kumene sindinaphunzire."

Febuluwale

Loweruka loyamba la mweziwo anthu anabwera ochepa, malamba atabooledwa mabowo atsopano. Pulogalamu itatha ndinayendetsa maikolofoni monga mwa masiku onse. Nditafika kumbuyo, a Jailosi anagwira dzanja langa kuti ndisapitirire. Esnati anali pamiyendo pawo, osasewera.

Ndimawakumbukira mawu awo onse, ndipo ndilibe kwina kowatenga kupatula m'mutu mwangamu.

"Anzanga a ku thwelofu, ine ndine Jailosi, mlonda. Sindinalankhulepo. Munda wanga wapsa. Bwana wanga ali kutchuthi kwawo, nyumba n'njokhoma. Mwana wanga wayamba kutupa mapazi. Kuchipatala anandipatsa mankhwala, akuti chofunika ndi mazira, mkaka, nsinjiro. Ndizitenga kuti? Ndamva kuti kwanuko m'makhitchini mumatsalako. Sindikupempha zanga. Akuti m'dziko muno mulibe njala. Amene akunenawo abwere adzagwire mapazi a mwana wangayu. Ndili pa geti yobiriwira, msewu wachiwiri kuchokera kumkuyu. Ndidikira."

Wina anatsokomola, wina anayang'ana kumsewu. Ine chala chinali pa batani, ndipo ndinachedwa kuzimitsa.

Lamlungu m'mawa ndinatumiza ana kutchalitchi ndi mnzanga woyandikana naye, ine ndinatsala. Ndinamvetsera mawuwo kawiri. Ndinaona amuna a majekete aja akutola kaseti iyi m'kabati. Munthuyo anali atatchula dzina, ntchito, ngakhale mtundu wa geti. Ndinadziuza kuti ndikumuteteza, ndipo mbali ina zinali zoona. Koma ndisaname pa ukalamba uno: ndinaonanso dzina langa lolembedwa pachikuto cha kasetiyo, nyumba ya boma, ndi ana anga atatu. Ndikanatha kuchotsa ziganizo ziwiri zokha. Koma ndinazula maikolofoni, n'kudina batani lofiira pamene a Jailosi anayambira, osalisiya mpaka pamene anathera.

Masana ku Area 12 kaseti inayenda bwino mpaka pamalo paja. Kenako phee. Inkangozungulira, anthu akuyang'ana dengu.

"Pamenepa panali ndani?" anafunsa a Sikelo.

"Ndi batire, bambo. Linafooka."

A Nabanda anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumbali. Gulu linajambula zake: a Sikelo analengeza kuti kuseri kwa mpanda wawo kuli mbatata yothiriridwa ndi paipi, ndipo mvula ikabwerera aliyense adzatenge mbewu. Lolemba ndinatumiza kambale ka ufa kwa a Jailosi kudzera mwa munthu wina, mtima wanga n'kukhala m'malo ngati ndachita zazikulu.

Loweruka lotsatira a Jailosi anabwera okha, mapewa opanda mwana. Anakhala kutsogolo, zimene anali asanachitepo. Ndinatsegula kaseti ya ku Area 12. Moni, mbatata, galu wa kwa dokotala waluma munthu, moni winanso. Anamvetsera mpaka kumapeto, khutu lili pafupi ndi dengu. Kaseti itati thi, anaimirira.

"Zikomo. Amva, ndipo ayankha."

Anachoka. Mayi wina anandinong'oneza kuti sabata yonse bamboyo ankachoka pa ulonda m'mawa osakagona, n'kukhala pa geti kuyang'ana kumsewu. Aliyense wodutsa ndi kathumba ankamuimirira.

Ndinasiya dengu pomwepo n'kuwatsatira. Kanyumba kawo kanali kuseri kwa garaja. Esnati anali gone pamphasa, mapazi otupa mpaka m'miyendo, tsitsi litasanduka lofiirira ndi lopyapyala. Sanalire n'komwe atandiona. Ndinagwada pakhomo.

"A Jailosi, anthu aja sanakukanizeni. Sanamve. Mawu anu ndinafufuta ine."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Munafufuta."

"Ndinaopa kuti akutengani."

"Ndinakupemphani kuti mundisunge? Mukuganiza kuti ine sindidziwa za galimoto ija? Ndinagona nawo masiku angati mawu amenewo ndisanawatulutse? Ndinayeza ndekha, mwana uku, ndende uku, ndinasankha. Anali mawu anga, amayi. Ndinalibe china m'nyumba muno."

Sanakweze mawu, ndipo bwenzi zili bwino akanandilalatira. Manyazi amene ndinamva sindinawamvenso kwina kulikonse. Ndinawapempha kuti alankhulenso, ndikatenge dengu. Anapukusa mutu n'kutembenukira kwa mwana.

Ndinayenda wapansi kubwerera ku Area 15 ndikudzitukwana njira yonse. Pofika pakhomo ndinali nditaleka kulira ndipo ndinali nditadziwa chochita.

Lamlungu ku Area 12 sindinayatse n'komwe pulogalamu ya alimi. Ndinaika kaseti, n'kudina batani, maikolofoni n'kuilozetsa kwa ine mwini. Ndinatchula dzina langa lonse ndi ofesi yanga. Ndinanena kuti ndinanama za batire. Kenako ndinabwereza mawu a a Jailosi monga anawanenera, osasiyapo ngakhale a mapazi aja. Ndinafika mpaka kumapeto.

"Tinadziwa," anatero a Sikelo. "Batire likafooka mawu amakokeka. Paja panali posesa."

A Nabanda sanadikire zokambirana. Anali ataimirira kale, akumanga chitenje.

"Sabata yathunthu! Mayi inu, muli ndi ana? Tiyeni, zokhululukirana tikaonera konko. Abambo a m'makhitchini, musandiyang'ane ngati simunamve. Aliyense akabwere ndi chimene akudziwa kuti bwana sachiwerenga."

Sanabe kanthu. Anabwera ndi zimene zinkapita kudzala kapena kwa agalu: mkaka wotsalira pansi pa chitini, mazira a nkhuku zawo zomwe, mafupa a supu, nthochi zakupsa kwambiri, kambale ka mtedza kamene wina ankasungira mbewu. Tinawoloka Lingadzi anthu asanu ndi awiri, motalikirana kuti tisaoneke ngati msonkhano. A Jailosi atatsegula geti yobiriwira ija anangoima. A Nabanda anawadutsa ngati palibe munthu, n'kukanyamula mwana.

Malichi

Mvula inabwerera kumapeto kwa Febuluwale, mochedwa kwa chimanga koma mokwanira kwa mbatata. Wailesi ya m'dengu inagwira ntchito imene sinagwirepo. Inkanena tsiku limene a Sikelo adule mbewu, amene atenge mitolo ingati, munda wa yani uli ndi chinyezi, ndiponso amene ali pamzere wopereka dzira la Esnati sabata imeneyo. Anthu anazula mapesi opsa n'kuunda mizere yatsopano. Ngakhale ine ndinagalauza kapinga wa kuseri kwa nyumba ya boma.

Panatsala nkhani ya kaseti ya mawu anga ija, imene inkayenera kupita ku ofesi. Ndinaibweretsa pagulu n'kufunsa chochita, chinthu chimene ndikanachita poyamba pomwe. Anakambirana nthawi yaitali, ndipo a Sikelo anamanga mfundo.

"Mawu azimveka kaye mbali zonse ziwiri. Akamveka, mwini wake ndiye anene, akhale kapena achoke. Akati achoke, adine yekha. Wina asamusankhire."

"Koma lamulo la ofesi likuti batani..."

"Amayi," anandidula a Nabanda, "lamulo limenelo taliona ntchito yake."

Ndinawaphunzitsa onse, mmodzimmodzi: kuika kaseti, kudina mabatani awiri pamodzi pojambula, kutalikitsa maikolofoni chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa, kuzula waya pofufuta. Khukhi amene ndinamumenya padzanja uja anaphunzira msanga kuposa onse, ndipo sanalephere kundikumbutsa. Mawu anga anamveka ku mkuyu Loweruka, kenako ndinawafufuta ndekha anthu akuona. A Jailosi panalibe.

Kuyambira pamenepo makaseti anga ankafika ku ofesi ali ndi mipata. A Tayembekezani anayesa kumvera imodzi tsiku lina.

"Mayi, makaseti anuwa bwanji ali ndi mabowo?"

"Ndinapempha mabatire mu Januwale, bwana."

"Tayembekezani, tiona."

Chimanga chachikasu chochokera kunja chinafika mwezi womwewo, ndi mphekesera zake. Ena ankati n'cha ziweto, ena ankati chimafoola abambo. Padengu anakangana masabata awiri, mpaka a Nabanda analengeza kuti iwo adya, amuna awo adya, ndipo palibe chimene chafooka. Kuseka kumene kunabuka ku mkuyu kunali koyamba chiyambire chaka.

Esnati ankakhala kwa a Nabanda masana, bambo ake akagona. Kutupa kunayamba kuphwa pang'onopang'ono, khungu likusupuka. Panali masiku awiri amene anatsegula m'mimba mpaka tonse tinataya mtima, ndipo ine ndinkangowerenga sabata ija imene ndinamubera. Anapulumuka. Koma a Jailosi ku gulu sanabwerenso. Tikakumana pamsewu ankavula chipewa, n'kupereka moni wonse bwinobwino, n'kupitirira. Moni umenewo unkandipweteka kuposa kunditukwana.

Meyi

Epulo tinadutsa ndi maungu, kholowa ndi chimanga chachikasu. Pokolola, minda ya m'mbali mwa Lingadzi inatulutsa tizitsononkho tosadzaza dengu. Koma mbatata inabereka. Kumayambiriro kwa kuzizira utsi wa mbatata yootcha unkatuluka kuseri kwa mpanda uliwonse, ndipo mtengo wa ufa ku Old Town unayamba kutsika.

Akuchikazi a ku Mchinji anabwera, chaka chija chitakwana. Ndinamva kwa a Nabanda kuti anapeza mwana akuthamangitsa nkhuku, n'kugona masiku awiri, n'kubwerera okha.

Loweruka lomaliza la mweziwo tinali pansi pa mkuyu, pulogalamu ya alimi ikutiuza za kasungidwe ka zokolola zochuluka. Ndinaona chijasi chija chikubwera, mwana ali pamapewa. A Jailosi anatsitsa Esnati, n'kuika pansi kathumba ka mbatata, n'kukhala kutsogolo. Pulogalamu itatha sanapemphe. Anakoka dengu n'kuliika pakati pa miyendo yawo.

Iwo okha ndi amene anali asanaphunzire makinawo. Anadina batani lofiira lokha, silinalowe. Anadinanso mwamphamvu, makina a boma n'kulira kuti kwe. Dzanja langa linanyamuka lokha. Anakweza maso n'kundiyang'ana. Ndinabweza dzanjalo, ndipo poona kuti silimvera, ndinalikhalira, n'kukhaliranso linzake.

Anatembenuza makinawo, kuwayang'ana uku ndi uku. Palibe anawauza chochita, ngakhale khukhi uja milomo inkamuyabwa. Anayesa batani lina, kaseti n'kuthamangira kutsogolo. Anaibweza. Kenako anaika zala ziwiri, n'kudina pamodzi, kaseti n'kuyamba kuzungulira.

"Anzanga a ku thwelofu, ndine Jailosi, mlonda, wa pa geti yobiriwira. Ulendo uno ndadina ndekha. Chaka chino kunali njala. Mwana wanga anatupa, inu munabwera. Ali moyo, ndipo akhala ndi ine. Esnati, apatse moni amayi ako."

Mwanayo anagwira maikolofoni ndi manja awiri, n'kuipumira, n'kuinyambita. Kenako anakuwa dzina la a Nabanda mokweza mpaka singano yoyeza mawu pamakinapo inagunda kumapeto.

Lamlungu mawuwo anamveka ku Area 12, a Nabanda akudzipukuta m'maso ndi chitenje uku akukana kuti sakulira. Loweruka linalo ndinabweza kaseti kwa mwini mawu monga mwa mfundo yathu, ndipo ndinawakumbutsa kuti Lolemba ipita m'kabati ya ku ofesi, mawu aja oti njala ali momwemo. Ndinawasonyeza waya woti azule.

"Akhale," anatero a Jailosi.

Pachikuto panali dzina langa. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinatseka. Lolemba m'mawa ndinaipereka kwa a Tayembekezani yathunthu, yopanda bowo, ndipo ndinaiona ikulowa m'kabati pamwamba pa zinzake.